KUKWERA MAPIRI M'NYENGO YA CHISANU



M'masabata apitawa makolo angapo anadza kwa ife, ena pa khomo la tchalichi titatha mapemphero, ena kunyumba kwathu madzulo, ndipo onse anali ndi nkhani imodzi. Ana ao a m'bungwe la achinyamata apangana kuti sukulu ikatsekedwa m'mwezi wa Julai, asonkhe ndalama, akwere basi, napite ku Mulanje kukakwera phiri kufikira pa nsonga yache yotchedwa Sapitwa. Bambo wina wachikulire anati: "Aphunzitsi, aletseni ana amenewa. Phiri lija liri ndi eni ache, ndipo wolowamo mwachibwana sabwerako." Koma mai wina, amene mwana wache ndiye mtsogoleri wa gululo, anati: "Alekeni apite. Mwana wanga alima dimba kuyambira m'banda kucha, asenza yekha thumba la chimanga kunka nalo kuchigayo. Nanga phiri lingamchite chiani?" Ife tinawayankha kuti yense wa iwo wagwira mbali imodzi ya choona nataya mbali inzache. Koma popeza mau a pakhomo apita ndi mphepo, taganiza kulemba zonse pano, kuti mabanja awerenge pamodzi ndi ana ao.

Ife a kuno ndife anthu a pachidikha. Dziko lathu ndi la minda, madambo ndi zigafa za fodya, ndipo mapiri tingowaona patali: Dzalanyama ngati mtambo wogona cha kumwera, mapiri a Mchinji kumadzulo, ndi a Dowa kwa iwo okhala ku Nambuma. Chisanu cha Juni tichidziwa ndithu. Tidziwa ana okana kuchoka pamoto m'mawa, miyendo yotuwa ndi zidendene zong'ambika, masamba a matimati opserera m'dimba usiku umene chisanu chagwa m'dambo. Chifukwa chache ambiri ayesa kuti chisanu cha kuphiri ndi chomwechi, chongoonjezerako pang'ono. Apa ndi pamene pagona chinyengo.

Anthu ophunzira za nyengo anapeza kuti munthu akakwera mamita 1,000, mpweya uzizira ndi madigiri 6 kapena kupitirira pang'ono. Midzi yathu iri pa mamita ngati 1,100 kuchokera pa nyanja yaikulu ya mchere. Sapitwa ali pa mamita 3,002, ndipo palibe malo ena atali chotero m'Malawi monse. Werengani nokha, mudzapeza kuti kusiyana kwache ndi madigiri ngati 12. Tsono usiku umene ife tiri kudandaula ndi madigiri 8, titafunda mabulangete awiri m'nyumba yotseka, kumeneko madzi a m'ndowa ali kuundana, ndipo udzu ucha uli mbuu ngati authira ufa. Chipale chofewa, chija chigwa ku Ulaya ngati thonje, sichioneka kawiri-kawiri pa Mulanje. Chinagwa mpaka kuphimba pansi m'mwezi wa Juni 1954, ndipo anthu achikumbukabe chifukwa cha kusowa kwache. Chimene chipha anthu pa mapiri athu si chipale ai, koma zinthu zitatu zikakomana: kuzizira, kunyowa ndi mphepo.

Thupi la munthu liri ngati nyumba yokhala ndi kamoto m'kati, kamene kayenera kukhala pa madigiri 37 usana ndi usiku. Chakudya ndicho nkhuni zache, zobvala ndizo makoma. Chobvala chikanyowa, kaya ndi mvula kaya ndi thukuta, chileka kusunga kutentha nichiyamba kukoka kutenthako kutuluka nako kunja. Mphepo ikaombapo, itenga kotsalako. Munthu wotopa ndi wanjala alibenso nkhuni zosonkhezera. Kutentha kwa thupi kukatsika kupitirira madigiri 35, nzeru ziyamba kusokonekera, ndipo choopsa chache n'chakuti wodwalayo sazindikira kuti ali kudwala.

Anthu a ku Mulanje, Thyolo ndi Phalombe ali ndi dzina la nyengo imene ibweretsa zitatuzi pamodzi: aitcha chiperoni, potsata phiri la Chiperone la ku Mozambique, kumene mphepoyo ichokera. M'miyezi ya chisanu mphepo yonyowa ya ku nyanja ya mchere ikwera mapiriwo, nisanduka nkhungu ndi mvula ya mawawa, imene ikhoza kukhala masiku awiri kapena atatu osaleka. Kucha bwino-bwino, dzuwa liri ngwee. Pofika masana munthu saonanso mnzache amene ali mapazi khumi patsogolo. Miyala iterera, ndipo timitsinje timene m'mawa mwana akanatha kulumpha tisefukira m'kanthawi kochepa.

M'chaka cha 1949 Fred France, mzungu woyang'anira nkhalango amene anali kukhala pa Chambe ndi mkazi wache ndi khanda lao, anaperekeza mlembi Laurens van der Post pa ulendo woyendera phirilo. Mvula yotere inawapeza m'njira. France anayesa kuoloka mtsinje wodzala, madzi anamkokolola namgwetsera m'mathithi. Nkhani yache iri m'buku la Venture to the Interior, ndipo kanyumba ka pa Chambe katchedwa ndi dzina lache. Ameneyu sanali mlendo: phirilo linali malo a nchito yache. M'chaka cha 2003 mtsikana wina wa ku Holland anapita yekha cha ku Sapitwa, ndipo sanapezeke. M'mwezi wa Julai 2009 mnyamata wina wa ku Brazil, wophunzira kwambiri ndi wozolowera maulendo, anabweza mtsogoleri wache wa njira napitirira yekha kunsonga. Nyengo inatembenuka, ndipo mtembo wache unapezeka patapita masabata oposa awiri, atafa ndi kuzizira. Onsewa anali anthu amphamvu, a msinkhu wabwino. Awa ndiwo mau athu kwa mai aja a thumba la chimanga: mphamvu za kudimba ndi zabwino, koma sizitenthetsa malaya onyowa, ndipo siziona njira m'nkhungu.

Kwa bambo aja oopa eni phiri tinena motere. Makolo a kumeneko anatcha nsongayo Sapitwa, ndiko kuti malo osapitidwa, nasimba za mizimu imene isocheretsa munthu kapena kumuikira chakudya panjira. Ife sitiwaseka. Anthu aja anaona abale ao akupita kukasaka kapena kukadula mkungudza osabwerako, ndipo chenjezo lao analikulunga m'mantha kuti ana alimvere. Mkristu saopa mizimu ya m'mapiri, pakuti phiri nalonso n'cholengedwa cha Mulungu. Chaka ndi chaka anthu mazana afika pa Sapitwa natsika bwino. Koma Mkristu sayesanso Mulungu. Tikumbuke kuti pamene Satana anakweza Ambuye Yezu pamwamba pa Nyumba ya Mulungu nawauza kuti adziponye pansi, poti anjelo adzawagwira, Ambuye anakana. Wokwera phiri ndi malaya amodzi, wopanda womtsogolera, nati kolona ya m'khosi idzamteteza, wabvomera chimene Ambuye anakana.

Eklezia sadana ndi mapiri. Papa Pio XI, amene anatsogolera Eklezia kuyambira 1922 kufikira 1939, anali wodziwika pa kukwera mapiri akali wansembe, dzina lache Achille Ratti. M'chaka cha 1889 anakwera Monte Rosa, phiri la mamita oposa 4,600 pa malire a Italy ndi Switzerland, podzera mbali yache ya kum'mawa imene iri yobvuta kopambana. Mdima unawapeza pafupi ndi nsonga, nachezera usiku wonse pa kamwala kopapatiza, m'chisanu choopsa. Koma onani: sanapite yekha. Anali ndi wansembe mnzache ndi atsogoleri a njira awiri odziwa mapiriwo, ndipo anali atakonzekera. Atakhala Papa, m'chaka cha 1923, anaika Bernardo Woyera wa ku Menthon kukhala nkhoswe ya okwera mapiri. Bernardo ameneyu ndi amene zaka pafupi-fupi 1,000 zapitazo anamanga nyumba ya alendo pa mpata wautali wa mapiri a Alps, kuti amonke ache azipulumutsa apaulendo osochera m'chipale. Ndipo posachedwapa, pa 7 Sepitembala 2025, Papa Leo XIV analengeza Pier Giorgio Frassati kukhala Woyera: mnyamata wa ku Turin, wokonda amphawi ndi mapiri, amene anamwalira m'chaka cha 1925 ali ndi zaka 24. Tsono ana athu akakhumba kukwera phiri, sakhumba chinthu choipa. Mlandu uli pa kayambidwe.

Tiloleni tiulule kulakwa kwathu, kuti musayese kuti tiri kunena za m'mabuku zokha. Zaka zingapo zapitazo, m'mwezi womwewu wa Julai, tinatsogolera achinyamata khumi ndi anai kunka ku Dzalanyama. Kunacha kowala, ndipo mnyamata wina wa zaka 16, wamphamvu ndi wokonda nthabwala, anasiya jekete lache m'lole, nati jekete ndi la nkhalamba. Ife tinaona, tinaseka, osanena kanthu. Titafika pamwamba tinachedwa ndi mapemphero, kudya ndi kujambulana, kufikira dzuwa litapendeka. Pamenepo mitambo inatsika, kunayamba mawawa ndi kamphepo kolasa. Sinali mvula yeni-yeni, yoti munthu n'kuithawa. Inali yongonyowetsa pang'ono-pang'ono. Potsika, mnyamata uja analeka nthabwala. Anayamba kutsalira, kupunthwa pa miyala yaing'ono, ndipo titamfunsa anayankha mwamwano, mau ache olemera ngati a munthu woledzera, nati timsiye akhale pansi. Ife, ndi sukulu yathu yonse, tinayesa kuti wanyanyala, ndipo tinamkalipira pamaso pa anzache.

Amene anamuombola ndi mai wina wachikulire amene anatiperekeza, yemwe pa utsikana wache anathyolako tiyi m'minda ya m'munsi mwa Mulanje. Iwo anagwira dzanja la mnyamatayo nati: "Aphunzitsi, mwanayu sananyanyale, chisanu chamlowa m'thupi. Mukamuyendetsa chomwechi sakafika." Anamlowetsa kuseri kwa thanthwe kumene mphepo siifika, nambvula malaya onyowa, namyalira udzu wouma ndi zikwama kuti asakhale pa nthaka yozizira. Anamkulunga ndi zitenje ziwiri zouma ndi juzi yathu, nauza anyamata awiri kuti amkumbatire, wina kutsogolo wina kumbuyo. Kenaka anammwetsa tiyi wa shuga wambiri pang'ono-pang'ono, namdyetsa mbatata. Patapita ola, mnyamatayo anayamba kulankhula zomveka nafunsa chimene chachitika. Tinafika palole kuli mdima bii, anthu khumi ndi asanu ndi mmodzi ndi tochi mmodzi. M'mawa mwache tinapita kwa atate ache kukapepesa, ndipo sitinaiwale nkhope yao pamene anali kumva nkhaniyo. Zonsezi zinachitika ku Dzalanyama, phiri limene tiliona tiri pakhomo, losafika n'komwe pa msinkhu wa Dedza.

Chifukwa chache uphungu wathu woyamba ndi uwu: yambani ndi mapiri a kwanu. Mwana sayamba ndi khasu la atate ache. Phiri la Bunda, cha ku Mitundu, munthu alikwera m'ola limodzi kapena kupitirira pang'ono, ndipo thanthwe lache lotsetsereka liphunzitsa mapazi kuponda mwala, maka-maka potsika, pakuti ambiri agwa potsika osati pokwera. Dzalanyama, kumene kuchokera mtsinje wa Lilongwe ndi kumene kuli Kaphirintiwa wa nthano za makolo athu Achewa, aphunzitsa kuyenda tsiku lathunthu m'nkhalango ndi katundu kumsana. Koma pitani mutapempha chilolezo kwa oyang'anira nkhalango, ndipo mutenge munthu wa kumeneko wodziwa njira. Pambuyo pache pali Nkhoma, ndipo kenaka Dedza, wa mamita 2,198, amene chisanu chache cha m'mawa chidzakuuzani ngati zobvala zanu zikwanira. Gulu limene layenda pamodzi maulendo anai otere lidziwana: lidziwa wofulumira, wotopa msanga, wobisa matuza a kumapazi chifukwa cha manyazi, ndi amene samva zonena anzache. Womalizayu ndiye woopsa, ndipo kuli bwino kumzindikira pa Bunda kusiyana ndi pa Sapitwa.

Za zobvala, musaope kuti zifuna chuma. Pafupi-fupi zonse zipezeka pa kaunjika wa tsiku la msika pa Nsaru kapena pa Namitete, munthu akadziwa chofuna. Zobvala zitatu zopyapyala ziposa chijasi chimodzi chochindikala, pakuti mpweya wotsekeredwa pakati pa zobvalazo ndiwo usunga kutentha. Ndiponso pokwera, thupi likatentha, muchotsako chimodzi thukuta lisananyowetse zonse, ndipo mukaima kupuma mubvalanso msanga musanayambe kuzizidwa. Pakhungu bvalani malaya a nailoni onga aja osewerera mpira, amene auma msanga. Pamwamba pache juzi ya ubweya, imene ifunda ngakhale itanyowa. Kunja kwache jekete lotchinga mphepo ndi mvula. Nsalu ya thonje ndi thalauzi la jinzi zikanyowa siziuma, ndipo zisanduka mdani. Chipewa chophimba makutu chisasowe, ndi magolovesi. Wosowa magolovesi abvale masokosi m'manja. Nsapato zikhale zotseka, za mapazi okakala, zimene mwayenda nazo kale. Nsapato yatsopano yogulira ulendo idzakusupulani musanafike pakati. Mapatapata ndi nsapato za pulasitiki zitsale kunyumba. Ndipo yense akhale ndi zobvala zina zouma, zomangidwa bwino m'thumba la pulasitiki pamodzi ndi bulangete ndi machesi. Zimenezi sayenda nazo m'thupi, ndi zogonera ndi za tsoka.

Atsikana athu nawonso afuna kupita, ndipo sitiona chifukwa chowaletsera. Tipempha amai awalole kubvala thalauzi lotakasuka, chitenje pamwamba ngati afuna, pakuti pa miyala yokwera ndi manja siketi igwetsa munthu. Papite amai awiri achikulire ndi gulu liri lonse. Mwaona kale chimene mai mmodzi anachita. Koma wodwala mphumu, wa khunyu, wa mtima, kapena amene wangochira malungo, ayambe waonana ndi a chipatala, ndipo akamletsa asayese kuti amchitira nkhanza.

Kamba wa paulendo tiri naye wabwino koposa wa m'sitolo: mbatata yophika, mtedza ndi chimanga zokazinga, zitumbuwa, nthochi, shuga ndi masamba a tiyi, ufa ndi nyemba zophikira kumalo ogona. Idyani pang'ono-pang'ono m'njira monse, osadikira njala. Imwaninso madzi chinkana ludzu silimveka m'nyengo yozizira. Pano tinenetse za kachasu ndi mowa wina uli wonse. Amuna ambiri akhulupirira kuti kachasu atenthetsa thupi. Ndi bodza lokoma: mowa utsegula timitsempha ta pakhungu, magazi otentha athamangira kunja, munthu amva kufunda kanthawi pamene kutentha kwa m'kati kuli kutayika; uonjezanso kupusa pamalo pofunika nzeru. Botolo limeneli lisakwere phiri. Ndipo potchula za moto, tikumbutse ngakhale otsala kumudzi: mbaula ya makala m'chipinda chotseka ipha mwakachete-chete ndi mpweya wosanunkha, ndipo chaka ndi chaka m'miyezi ino timva za anthu ogona osadzukanso. Itulutseni musanagone.

Tsiku la m'nyengo ya chisanu ndi lalifupi. Dzuwa lilowa itangopitirira 5 koloko, ndipo m'zigwa za phiri mdima ufika msanga koposa. Nyamukani kukucha. Musananyamuke panganani ola lobwerera, nimulisunge ngati lumbiro: likakwana musanafike pansonga, tembenukani, chinkana nsongayo iri kuoneka pafupi ngati nyumba ya mnansi. Ife tiona kuti apa ndi pamene pali chiyeso chachikulu cha anyamata. Asonkha ndalama miyezi yambiri, alonjeza anzao zithunzi, ndipo aopa kusekedwa pobwera. Makolo, thandizani ana anu pa ichi: auzeni asanapite kuti wobwerera panjira chifukwa cha nkhungu mudzamlandira ndi nkhuku monga wofika pansonga. Poyenda, wofooka akhale patsogolo pafupi ndi mtsogoleri, wamphamvu mmodzi atseke kumbuyo, ndipo powerengana pa malo onse opumira pasasowe mmodzi. Yense akhale ndi tochi wache. Lamya ya m'manja musaidalire, pakuti batire lache litha msanga m'chisanu ndipo m'makwalala ambiri siigwira.

Mukadzafika ku Mulanje, khomo limene ambiri alowera ndi Likhubula, pamene pali ofesi ya za nkhalango ndi atsogoleri a njira ndi onyamula katundu olembedwa m'kaundula. Pamwamba pali tinyumba togona alendo, monga Chambe, Lichenya, Thuchila, Sombani ndi Chisepo, tiri ndi alonda ndi malo osonkhapo moto. Wofuna Sapitwa agona pa Chisepo, m'munsi mwa nsongayo, nalawira m'mamawa. Njira yotsalayo ndi ya maola angapo okwera ndi manja ndi mawondo, kukwawa pansi pa miyala yaikulu ndi kudutsa matanthwe osalala amene akanyowa sapondeka. Ulendo wonse ufuna masiku atatu osachepera, ndipo wanzeru aonjezapo tsiku limodzi lodikira nyengo. Pa msinkhu wotere ena amva mutu ndi phuma chifukwa mpweya uchepa mphamvu. Zikakula, mankhwala ache ndi kutsika. Mudzamvanso za mpikisano wa onyamula katundu umene uchitika m'mwezi wa Julai, pamene opambana akwera ndi kutsika phirilo m'maola osafika atatu. Musadziyerekeze nao: iwo anabadwira pamenepo, ndipo mwala uli wonse audziwa ngati ife tidziwa njira ya kuchitsime.

Powerengera ndalama, malipiro a mtsogoleri wa njira alembedwe poyamba, basi pambuyo. Ngati ndalama sizikwanira mtsogoleri, ndiye kuti ulendo sunakwanire. Akulu anati kuyenda awiri si mantha, natinso safunsa anadya phula. Mtsogoleriyo akati lero sitikwera, musamnyengerere ndi ndalama kapena kumnyoza kuti ndi waulesi. Iye aona m'mitambo zimene inu simuziona. Ndipo mlemekezeni, mgawireni chakudya chanu, pakuti ndi mbale wanu wogwira nchito yolemetsa.

Nanga tsoka likagwa? Wosochera m'nkhungu aime pomwepo, afune pobisala mphepo, abvale zonse ali nazo, naimbe wezulo: kasanu ndi kamodzi motsatana, kupuma mphindi imodzi, ndi kubwerezanso, ndicho chizindikiro chimene okwera mapiri adziwa kuti munthu ali m'mabvuto. Asatsate mtsinje poyesa kuti umfikitsa kumudzi monga kuno kuchidikha, pakuti mitsinje ya kuphiri ithera m'mathithi. Asaolokenso madzi odzala, koma adikire aphwe. Za wozizidwa, penyani zizindikiro zimene ife tinalephera kuziwerenga: kunjenjemera kosaleka, kupunthwa, manja olephera kumanga chingwe cha nsapato, kulankhula molemera, ukali kapena mphwayi zosazolowereka. Chitani monga anachita mai aja, ndipo chitani msanga. Musamtikite manja ndi miyendo, musamuike pafupi kwambiri ndi moto, musampatse mowa. Tenthetsani chifuwa ndi msana poyamba. Akaleka kunjenjemera koma ali wozizirabe ndi wosokonezeka, kapena akayamba kubvula zobvala yekha, bvuto lakula: mgonekeni, mnyamuleni mofatsa osamgwedeza, musammwetse kanthu ngati sali maso bwino, ndipo awiri, osati mmodzi, apite kukaitana thandizo. Chifukwa cha ichi, musanachoke kumudzi siyani kwa Bambo Mfumu ndi kwa makolo maina a onse opita, njira imene mudzadzere ndi tsiku lobwera, kuti likapitirira anthu adziwe kumene angayambire kufuna.

Kanthu kena kakang'ono, koma kotikhudza mtima: m'miyezi ino udzu uli wouma, ndipo moto umodzi wosiyidwa wosazima utentha phiri lonse. Mkungudza wa ku Mulanje, mtengo wa dziko lathu umene kwao kwa chilengedwe ndi phiri lokhalo, watsala pang'ono kutha chifukwa cha nkhwangwa ndi moto. Ndipo m'chaka cha 2025 bungwe la UNESCO linalemba phirilo m'gulu la malo a chuma cha dziko lonse lapansi. Ana a Katolika asakhale iwo osiya makala oyaka ndi mapepala m'njira.

Tinakhala pansi ndi atsogoleri a achinyamata Loweruka lapitali, ndipo titakambirana nthawi yaitali, ena nkhope zitagwa, tinagwirizana motere. Chaka chino Mulanje ayambe wadikira. Gulu lidzakwera Bunda poyamba, kenaka Dzalanyama kawiri, ulendo wachiwiri wogona usiku umodzi m'munsi mwache, ndipo ngati ndalama zilola, Dedza nyengo ya chisanu isanathe. Maulendo onse adzakhala a pakati pa sabata kapena Loweruka, kuti Misa ya tsiku la Mulungu isaphonyedwe. Ndalama zosonkhedwa kale zisungidwa ndi msungichuma wa mphakati, ndipo amene adzayenda maulendo onsewa ndiwo adzalembedwe a ku Mulanje chaka cha mawa. Makolo onse a ana ofuna kupita tiwapempha atsalire titatha mapemphero tsiku la Mulungu likudzali, ndipo mwana yense abwere ndi chikwama chache chitalongedwa monga ngati anyamuka tsiku lomwelo, kuti tidzachimasule pamaso pa onse ndi kuona chimene chasowa. Mai aja a ku Dzalanyama abvomera kudzakhalapo.